Thesaurus ya mu Microsoft Word: kodi imathandizadi polemba zakumtima m'Chingerezi?

Mu Lilongwe, kompyuta zambiri za m'maofesi a ku City Centre ndi ku Capital Hill, ngakhalenso za m'mashopu otayipa ndi kupanga fotokope ku Old Town, zili ndi Microsoft Word. M'kati mwa Word muli kachida kotchedwa Thesaurus. Dzinali linachokera ku Chigiriki ndipo limatanthauza mosungira chuma, tingoti nkhokwe. Ntchito yake ndi imodzi: mukaipatsa liwu la Chingerezi, imakutulutsirani mawu ena ofanana nalo tanthauzo. Apa ndikuiyeza pa ntchito imodzi yokha, yomwe ndi yovuta kuposa zonse, yolemba za mkwiyo, chisoni, manyazi, mantha ndi chimwemwe m'kalata, mu imelo, mu lipoti kapena m'chimangirizo.

Chigamulo ndinene poyambirira pomwe. Thesaurus ndi yabwino kwambiri pokukumbutsani liwu lomwe mumalidziwa kale koma lakuthawani. Pokuphunzitsani liwu lachilendo ndi yoopsa, ndipo kuopsa kwake kumakula mukafika pa mawu a zakumtima, chifukwa amenewa amasiyana mphamvu ngati mmene tsabola wa kambuzi amasiyanirana ndi tsabola wobiriwira wa mu ndiwo, pamene Thesaurus imangowaunjika mulu umodzi.

Kuitsegula n'kosavuta. Ikani kasa, kamzere kothwanima kosonyeza pomwe mukulemba, pa liwu lomwe mukufuna, dinani Shift ndi F7 pamodzi, ndipo kumanja kwa sikirini kutuluka mndandanda. Pa malaputopu ambiri mabatani a m'mwamba aja amagwiranso ntchito yokweza mawu kapena kuwala kwa sikirini, choncho ngati sizikutheka onjezerani batani la Fn. Njira ina ndi kupita pa Review n'kudina Thesaurus. Yachidule kwambiri ndi kudina batani lakumanja la mausi pa liwulo n'kusankha Synonyms, koma njira imeneyi imaonetsa mawu ochepa chabe, osakanizika, ndipo ndi imene imagwetsa anthu ambiri m'mbuna. Mndandanda wathunthu uli bwinoko chifukwa umagawa mawu m'magulu potengera tanthauzo, n'kuonetsanso ngati gululo ndi la afotokozi, la mayina kapena la aneni. Mawu otsutsana nalo amalembedwa kuti Antonym pambali pake, ndipo muziyang'anitsitsa, chifukwa munthu wothamanga angathe kutola limenelo n'kunena zosiyana ndi zimene amafuna. Mukaloza liwu pa mndandandawo pamaoneka kamuvi, mukakadina musankhe Insert. Mukalakwitsa, Ctrl ndi Z zibweza.

Zabwino zake zilipo ndithu. Pa Word ya pa kompyuta sifuna intaneti, ndiye bandulo ikatha kapena netiweki ikavuta ntchito siima. Siifuna ndalama yapadera pamwamba pa Word yomwe muli nayo kale. Ndi yachangu. Munthu amene walemba "happy" kanayi m'ndime imodzi athandizika m'kamphindi, chifukwa "pleased", "glad" ndi "delighted" ndi mawu amene anakumana nawo kale kusukulu ndipo akungofunika kukumbutsidwa. Chimodzi chokha muyambe mwakonza: pitani pa Review, Language, Set Proofing Language, musankhe Chingerezi cha ku United Kingdom, chifukwa ndi chimene masukulu ndi maofesi a kuno amatsatira pa kalembedwe. Makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa pa Chingerezi cha ku America. Muonetsetsenso kuti kabokosi koletsa kuunika masipelo ndi galamala sikanachongedwe.

Tsopano tiyeni pa mkwiyo, pomwe vuto limaonekera poyera. Lembani "angry" n'kutsegula Thesaurus. Mupeza mawu ngati "annoyed", "irritated", "cross", "mad", "furious", "livid", "irate" ndi "outraged" ataima pamzere ngati ndi ana a mimba imodzi. Koma "annoyed" ndi "irritated" ndi kunyansidwa pang'ono, ngati mmene mumamvera minibasi ikaima nthawi yaitali pa Bwalo la Njobvu kudikira kuti idzaze. "Cross" ndi liwu la ku Britain, lofewa, lomwe kholo limauza mwana amene wataya tiyi pa mphasa. "Furious" ndi "livid" ndi kupsa mtima kwenikweni, mpaka kunjenjemera. "Irate" mumalipeza kwambiri m'manyuzipepala, pofotokoza makasitomala kapena makolo amene akalipa pagulu, ndipo munthu sadzinena yekha kuti ndi "irate". "Outraged" ndi mkwiyo wosakanikirana ndi kudzidzimuka poona chinthu choipa chimene sichiyenera kuchitika pakati pa anthu, monga kuba mankhwala a odwala. Palinso "indignant", mkwiyo wa munthu amene akuona kuti wachitiridwa zopanda chilungamo, ndi "resentful", yemwe ndi munthu wosunga chakukhosi. Thesaurus sikuuzani chilichonse mwa zimenezi. Ndiye wina amene amangofuna kuuza mnzake wa mu ofesi kuti sanasangalale ndi kuchedwa kwa lipoti amapezeka walemba "I am outraged", mnzakeyo n'kuyamba kudzifunsa kuti kodi ndapha munthu?

Pa mphamvu ya mawu pali lamulo lina lomwe Thesaurus imaswa mosadziwa. Mawu wamba monga "angry", "happy", "afraid", "sad" ndi "surprised" amalola "very" patsogolo pake. Mawu amene afika kale pamapeto pa mphamvu, monga "furious", "delighted", "terrified", "devastated" ndi "astonished", samva bwino ndi "very". Amafuna "absolutely" kapena kungoima okha. Chiganizo chanu chikakhala "I was very happy" ndipo mwasintha "happy" kuika "delighted", Word isintha liwu lokhalo lomwe munasankha, "very" uja atsala pompo, ndipo chiganizocho chimveka chopunduka kwa amene amachidziwa bwino chinenerochi. Kamzere kofiira sikabwera chifukwa sipelo ili bwino. Chimodzimodzinso "a" ndi "an": "an angry customer" mukasintha angasanduke "an furious customer", ndiye muzibwerera m'mbuyo liwu limodzi nthawi zonse mukadina Insert.

Choopsa kuposa pamenepo ndi aperekezi. Liwu lililonse la zakumtima m'Chingerezi lili ndi mperekezi wake amene limayenda naye, ndipo sabwerekana. Timati "afraid of", "scared of", koma "worried about" ndi "anxious about". Timati "interested in", koma "keen on", "curious about" ndi "fascinated by". Timati "proud of" koma "pleased with". Munthu amakhala "angry with" munthu mnzake koma "angry about" nkhani. Ndiye taonani zimene zimachitika. Mwalemba bwinobwino "I am interested in the post", kenaka mwaganiza kuti "interested" ndi liwu la aliyense, mwatsegula Thesaurus, mwatola "keen". Chiganizo chasanduka "I am keen in the post", chomwe ndi cholakwika, pamene choyamba chija chinalibe banga. Apa chida chawononga chinthu chomwe chinali chabwino kale. Choyeza galamala cha Word, chija chimaika kamzere ka buluu, kapena kobiriwira m'ma Word akale, nthawi zina chimagwira zotere, nthawi zina chimangodutsa. Musachidalire.

Pali mawu enanso amene sakhala kutsogolo kwa dzina. "Afraid" ndi "ashamed" amabwera pambuyo pa mneni, monga "the child was afraid". Simunganene "an afraid child". Pamenepo pamafunika "a frightened child". Pa mndandanda onse awiri amaoneka ngati angasinthane paliponse.

Zonse ndanenazi zingagwere aliyense, ngakhale mzungu. Koma ife olankhula Chichewa tili ndi katundu wina wapadera, ndipo apa ndi pomwe ndikufuna kukhalitsa. Thesaurus imayambira pa liwu la Chingerezi lomwe inuyo mwaipatsa. Chichewa sichidziwa. Ngati liwu loyambalo munalitanthauzira molakwika m'mutu mwanu kuchokera ku Chichewa, mndandanda wonse womwe itulutse ukhala wa njira yolakwika, ngati munthu amene wakwera minibasi ya ku Area 25 akufuna ku Kawale, kusintha mpando sikumuthandiza.

Tengani manyazi. Kwa ife liwu ndi limodzi. Mwana wobisala kumbuyo kwa mayi ake alendo akabwera ali ndi manyazi. Bambo amene foni yawo yalira mokweza pakati pa ulaliki achita manyazi. Wogwidwa akuba m'thumba la mnzake wachita manyazi. Wokalipiridwa ndi bwana pamaso pa anzake wachititsidwa manyazi. Chingerezi chimagawa panayi. Mwana uja ndi "shy", ndipo ndi khalidwe lake, palibe chomwe walakwa. Bambo a foni aja ndi "embarrassed", kamanyazi ka kanthawi kochepa kopanda tchimo. Wakuba uja ndi "ashamed", manyazi a munthu wodziwa kuti wachita choipa. Wokalipiridwa uja ndi "humiliated", chifukwa wina wamuchotsa ulemu dala. Wophunzira akalemba "I was ashamed to speak in class" pofuna kunena kuti ndi wamanyazi chabe, wowerenga amaganiza kuti pali chomwe anapalamula. Akafunsa Thesaurus pa "ashamed", imupatsa mawu ngati "guilty" ndi "mortified", n'kumukankhira kutali kwambiri ndi "shy" yemwe amafunika. Apa n'kutchulepo kuti amene anakhalako ku Johannesburg anamva anthu akunena "shame" pomvera wina chisoni. Ndi kayankhulidwe ka kumeneko, musakaike m'kalata yopita ku London.

Kudandaula nakonso n'chimodzimodzi. "Musadandaule" ndi "don't worry", koma kukadandaula kwa akuluakulu ndi "complain", ndipo kudandaula kuti ndikanadziwa sindikanatero ndi "regret". Munthu wofuna kutonthoza mnzake akalemba "don't complain" wamutseka pakamwa m'malo momulimbikitsa. Kukhumudwa kungakhale "disappointed" ngati zomwe mumayembekeza sizinachitike, "offended" ngati wina wakulankhulani zachipongwe, "upset" ngati mtima wangosokonezeka, kapena "frustrated" ngati mwayesa kambirimbiri koma zinthu sizikuyenda. Kudabwa kungakhale "surprised", komwe kulibe mbali, "amazed" pa zabwino, kapena "shocked" pa zoipa. "I was shocked by your kindness" imamveka ngati simumayembekeza kuti munthuyo angakhale ndi mtima wabwino.

Pa nsanje tili ndi mwayi chifukwa Chichewa chimasiyanitsa kale. Nsanje ya m'banja ndi "jealous". Kaduka ndi kusirira zonse zimalowa mu "envy", ndipo "I envy you" kawirikawiri ndi kusirira kopanda njiru, ngati pouza mnzanu amene akupita kunyanja pa holide. Kunyadira mwana amene wakhoza mayeso ndi "proud of", koma "proud" yemweyo amatanthauzanso kunyada, ndipo Thesaurus ili ndi magulu onse awiri. Mukatsika pa gulu lolakwika mutola "arrogant" kapena "conceited", omwe ndi matama enieni.

Tiyeni tione pafupi kalata ya chipepeso, chifukwa ndi imene anthu amalemba ali pa changu, mtima uli m'malo ena, ndipo kulakwitsa kwake kumapweteka. Tinene kuti mnzanu wa kuntchito, wochokera kunja, wataya mayi ake, ndipo mwapatsidwa ntchito yolemba uthenga m'malo mwa ofesi yonse. M'mutu mwanu muli mawu akuti tamva chisoni kwambiri, pepani. Choyamba kubwera ndi "we feel sorry for you". Chiganizo chimenechi galamala yake ili bwino, koma kwa eni chinenero chimamveka ngati mukumuyang'anira pansi, ngati mmene mungamvere chisoni munthu wopanda pogwira. Choyenera ndi "we are sorry for your loss" kapena "we were very sorry to hear of your mother's death". Mukayesa kukometsa ndi Thesaurus pa "sad", mupeza mawu ngati "unhappy", "miserable", "depressed" ndi "gloomy". Palibe limodzi mwa amenewa loyenera pa maliro. "Unhappy" amamveka ngati simunakhutire ndi ntchito ya wina. "Miserable" amanenanso munthu wa nkhope yokwinya nthawi zonse. "Depressed" masiku ano amamveka ngati dzina la matenda a maganizo omwe amafuna chipatala. Liwu lomwe makalata otere amagwiritsa ntchito ndi "saddened", monga "we were deeply saddened to learn", ndipo ngati imfayo yakukhudzani inuyo kwambiri, "heartbroken" kapena "devastated". Anamfedwa ndi "the bereaved", malemu ndi "the late". Popereka chipepeso liwu limakhala lochulukitsa, "our condolences", osati "our condolence". Ndipo chenjerani ndi banja la "pity": "pitiful" ndi "pathetic" zimaoneka ngati zachifundo koma ndi mawu onyoza.

Pepani wathu uja ndi wotakata kuposa "sorry". Ife munthu akapunthwa, akadwala kapena akafika kuchokera ulendo wautali wotopetsa timati pepani, ngakhale sitinalakwe. Mzungu akapunthwa inu n'kungonena kuti "sorry" basi, kawirikawiri amayankha kuti si vuto lanu, chifukwa wamva ngati mukupepesa mlandu. Polemba, onjezerani chomwe mukupepesera: "I am sorry to hear that you are unwell". Thesaurus pa "sorry" ikupatsani "apologetic" ndi "remorseful", omwe ndi a munthu wolakwa basi.

Kalata ya ku ofesi ili ndi makwerero akeake, ndipo amene sawadziwa amalumpha masitepe. Chingerezi cha m'makalata a ntchito, makamaka chotsatira ku Britain, chimalankhula motsitsa: liwu looneka lofewa limanyamula katundu wolemera. Tinene kuti alawansi yanu ya ulendo wa kumudzi yachedwa miyezi iwiri ndipo mukulembera akuluakulu a za chuma. Kalata yoyamba isatchule n'komwe za mtima wanu: "I would be grateful if you could look into this". Ikapanda kuyankhidwa, yachiwiri inene kuti "I am concerned that the payment is still outstanding". "Concerned" ndi liwu laulemu koma aliyense wa mu ofesi amadziwa kuti nkhani yayamba kutentha. Yachitatu ndi pomwe mungati "I am disappointed". Kwa ife liwuli limaoneka lopepuka, koma m'kalata ya ntchito ndi chidzudzulo chenicheni, ndipo wamng'ono akalembera wamkulu wake ayenera kuganiza kawiri. Kupitirira apo kuli "dismayed" ndi "unacceptable", omwe ndi a munthu wokonzeka kuti nkhani ipite patali. "Angry", "furious" ndi "disgusted" alibe malo m'kalata yotere ngakhale mutapsa mtima chotani. Amachititsa wowerenga kuiwala za alawansi n'kuyamba kukamba za khalidwe lanu. Thesaurus ikakupatsani "worried", "anxious", "troubled" ndi "alarmed" m'malo mwa "concerned", sikuuzani kuti m'kalata ya ntchito "concerned" ndi amene amakhala bwino, ena aja amakuonetsani ngati munthu amene sakugona tulo.

M'makalata omwewa muli mawu ooneka ngati a zakumtima koma ali ulemu chabe. "I am afraid the meeting has been cancelled" mulibe mantha. Ndi njira yofewetsera uthenga woipa. Mukasintha "afraid" kuika "scared" kapena "terrified" anthu aseka. "We regret to inform you" ndi chiyambi cha kalata yokana, pamene "I regret informing you" akutanthauza kuti ndikudandaula kuti ndinakuuzani. Kusiyana kwake ndi kakang'ono pa maso koma tanthauzo latembenuka.

Kalata yofunsira ntchito ndi pomwe Thesaurus imagwiritsidwa ntchito mopyola muyeso, chifukwa aliyense amafuna kuoneka wodziwa. "Keen to" ndi "eager to" ndi abwino. "Anxious to" ndi wolondola koma ali ndi kafungo ka nkhawa. "Desperate" ndi munthu wothedwa nzeru, wogwira paliponse, ndipo ngakhale zitakhala zoona musamuuze wolemba ntchito. "Thrilled" ndi "ecstatic" ndi a pa ukwati kapena pa chigoli cha mphindi yomaliza ku Bingu National Stadium. "Pleased" yekha amakwana. Samalaninso sipelo ya "grateful", ambiri amalemba ngati muli "great" m'kati. "Disappointed" ali ndi s mmodzi ndi p awiri, "embarrassed" ali ndi r awiri ndi s awiri. Apa pokha Word ndi mnzanu weniweni, kamzere kofiira kamagwira zimenezi nthawi yomweyo.

Cholakwika chotchuka kwambiri, chomwe Thesaurus kapena choyeza masipelo sichingachione, ndi cha mapeto a "-ed" ndi "-ing". Chosangalatsa n'chakuti Chichewa chili ndi kusiyana komweku, ndiye palibe chifukwa chovutikira. Wotopa ndi wotopetsa si munthu mmodzi. Wokhumudwa ndi wokhumudwitsa, wodabwa ndi wodabwitsa, wosangalala ndi wosangalatsa. Amene akumva mumtima amatenga "-ed", chimene chikuchititsa chimatenga "-ing", ngati "-tsa" wathu uja. "I am bored" ndi ndaboweka, "I am boring" ndi ndine wobowa. "I am confused" ndi ndasokonezeka, "I am confusing" ndi ndimasokoneza anthu. Wofunsira ntchito amene walemba "I am very interesting in this position" wadzitama mosadziwa, ndipo akadina Shift ndi F7 pa "interesting" apatsidwa "fascinating", zinthu n'kuipiraipira.

Nkhani ya America ndi Britain ndingoidutsa mwachangu. "Mad" ku America ndi kukwiya, ku Britain kawirikawiri ndi misala. "Quite pleased" kwa Mngelezi ndi kukondwa pang'ono chabe, kwa wa ku America ndi kukondwa ndithu. Ngati bungwe lomwe mukulilembera lili ndi anthu a mbali zonse ziwiri, monga zimakhalira m'mabungwe ambiri a mu Lilongwe, pewani mawu awiriwa.

Pomwe Thesaurus imagonja kotheratu ndi pa mtima. Chichewa chimaika pafupifupi chilichonse mumtima: kupsa mtima, kutaya mtima, kulimba mtima, kukhazika mtima pansi, mtima uli m'mwamba, mtima ukuwawa, kusweka mtima. Zina zili ndi anzake m'Chingerezi, monga "lose heart" ndi "heartbroken". Zambiri zilibe. "My heart is burning" wowerenga angaganize za chilungulira. Mtima uli m'mwamba ndi "anxious" kapena "on edge", kukhazika mtima pansi ndi "calm down", kulimba mtima ndi "be brave". Kumva nakonso kumatipusitsa, poti ife timamva ndi khutu, timamva kuwawa, timamva chisoni, timamvanso zomwe aphunzitsi afotokoza, pamene Chingerezi chimagawa "hear", "feel" ndi "understand". Mwasowa si "you are lost" koma "I have missed you". Kupukwa kwa mwana amene wangopita kumene kusukulu yogonera komweko ndi "homesick", ndipo "lonely" ndi kusungulumwa pamene "alone" ndi kungokhala wekha, mwina mosangalala. Ndipo wina asadzanene "I am fed up" atadya nsima kwa apongozi poganiza kuti akunena kuti wakhuta. Mawu amenewo ndi a munthu amene zamukwana, watopa nazo. Kukhuta ndi "full", kukhutira ndi "satisfied".

Kwa ana a Fomu 4, chida chimenechi chili ndi malire oonekeratu: mayeso a MSCE amalembedwa pamanja, Shift ndi F7 kulibe, ndipo Chingerezi ndi phunziro lomwe munthu ayenera kukhoza kuti apeze satifiketi. Thesaurus ingathandize pokonzekera, ngati mwana akulemba m'kope liwu lililonse latsopano pamodzi ndi mperekezi wake ndi chiganizo chathunthu, osati liwu lokha. Mawu asanu pa sabata odziwidwa bwino amaposa makumi asanu oloweza pa mndandanda. Komanso m'chimangirizo cha nkhani, chimene chimagwira wowerenga kawirikawiri si liwu lalikulu. "I was extremely terrified and petrified" ndi mawu atatu olemera onena chinthu chimodzi, ndipo awiri omalizawo sakufuna "extremely". Mwana amene walemba kuti manja ake ankanjenjemera mpaka kiyi anakanika kulowa pa loko waonetsa mantha osatchula dzina lake. Zimenezo Thesaurus ilibe, chifukwa imasunga mawu, sisunga zochitika.

Ndiye igwiritsidwe ntchito bwanji? Lembani kalata yonse kaye ndi mawu omwe muli nawo, osatsegula chida chilichonse. Mukamaliza, dinani Ctrl ndi F mufufuze "very", "happy", "sad" ndi "angry" kuti muone abwerezedwa kangati. Liwu lomwe labwera kamodzi kapena kawiri lisiyeni. Lomwe lachuluka, tsegulani mndandanda wathunthu, osati wa pa mausi uja, ndipo musankhe pakati pa mawu okhawo omwe mungathe kupangira chiganizo panokha osayang'ana paliponse. Liwu lachilendo likakukopani, likayang'aneni kaye mu dikishonale ya ophunzira Chingerezi, mtundu uja umapereka ziganizo zachitsanzo, aperekezi, ndi zizindikiro zonena ngati liwu ndi la m'makalata, la pocheza, lachikale kapena lotukwana. Madikishonale otere alipo aulere pa intaneti, ndipo a mapepala mungawapeze ku laibulale ya National Library Service ku City Centre. Dikishonale ya Chichewa ndi Chingerezi imathandiza pa sitepe yoyamba ija yomwe Thesaurus singathe, yochoka pa manyazi kupita pa mawu anayi aja, koma nayonso muitsatize ndi ya ophunzira kuti mudziwe loyenera mwa anayiwo. Mukalowetsa liwu, werengani chiganizo chonse mokweza, kuyambira liwu la m'mbuyo mpaka la kutsogolo.

Amene alibe Word, LibreOffice Writer ndi yaulere ndipo nayo ili ndi Thesaurus yake, yotsegula ndi Ctrl ndi F7. Matenda ake ndi omwewa.

Kwa amene mumakatayipitsa makalata m'mashopu a ku Malangalanga kapena pa msika wa kwanuko, pali chinthu chimodzi choti muzinena musanapereke pepala lanu. Otayipa ena, pofuna kukuthandizani, amasintha mawu omwe akuwaona ngati wamba n'kuika akuluakulu a pa mausi paja. Auzeni mwaulemu kuti achimwene kapena achemwali, mutayipe mmene ndalemberamu, mukaona polakwika mundifunse. Ndipo muwerenge pa sikirini asanapulinte, makamaka mzere womwe muli "concerned", "sorry" kapena "pleased", chifukwa pepala likatuluka mulipira, ndipo lokonzanso mulipiranso.